Nanga abambowo anawayeza?

Awa ndi mawu amene tinalankhula titakumana ndi atsikana komanso amayi achichepere a ku Dowa ndi ku Ntchisi. Ambiri munapempha kuti tiwaike pano kuti amene sanabwere awerenge, ndiye ndi awa.

Asisi, alamu athu, azakhali, ndi inu amayi mwakhala kumbuyoko ndi ana kumsana, takulandirani nonse. Amene mwachokera ku Malomo, ku Nthondo, ku Mvera ndi ku Madisi, zikomo chifukwa cha ulendo, thiransipoti ya masiku ano tikuidziwa tonse. Enanso mwachokera ku Area 25 ndi ku Mtandire, koma mukati mwa mtima ndinu a kumapiri konkuno, ndipo nkhani za kumudzi zimakupezani pa foni ngakhale muli m'tauni.

Lero tikamba za umuna. Eya, mwamva bwino. Sekani kaye kuti manyazi athe, chifukwa mawuwa tiwatchula kambirimbiri. Makamaka tikamba za luso limene madokotala ali nalo losunga umuna wa mwamuna pozizira kwambiri, kwa zaka, kuti adzathe kubereka ngakhale thupi lake litadzasiya kupanga mbewu. Mwina wina akufunsa kuti kodi gulu lomenyera ufulu wa amayi lasowa nkhani, kuti lizikamba za mbewu ya abambo? Yankho ndi lalifupi. Mbewu imeneyo ikalephera, amene amatukwanidwa, kumwetsedwa mankhwala owawa, kubweretseredwa mkazi wachiwiri kapena kulongedzetsedwa katundu ndi ife.

Tiyambe ndi ng'ombe, poti kumeneko nkhaniyi si yachilendo. Amene makolo anu ali m'magulu a alimi a ng'ombe zamkaka mwaziwonapo. Ng'ombe ikafika pofuna nkhunzi, mlimi amaimbira mlangizi wa ziweto. Iye amabwera panjinga ndi kathanki kake kooneka ngati fulasiki yaikulu, n'kutulutsamo kapaipi kakang'ono kowonda, kukaika m'madzi ofunda kwa kanthawi, kenako n'kuthira mbewuyo mu ng'ombe. Pakatha miyezi 9 mwana wa ng'ombe wabadwa, pamene bambo wake sanapondepo m'kholamo. Boma lakhala likusunga nkhunzi za mbewu ku Mikolongwe ku Chiradzulu kwa zaka zambiri, ndipo mbewu ina imabwera kuchokera kunja itaundana kale. Ng'ombe ija ikapanda kutenga bere, mlimi wa kwathu kuno amadziwa kufunsa kuti, kodi mbewuyo inali yabwino? Inasungidwa bwino? Chimanga chikapanda kumera, munthu yemweyo amayamba wakayikira mbewu imene anagula kwa mavenda pa Mponela asanatukwane munda. Fanizo loti mkazi ndi munda sitilikonda, tinene poyera, chifukwa munda sulankhula ndipo sufunsidwa maganizo. Koma poti ndi lawo, aligwiritse ntchito mpaka kumapeto. Bwanji pa ng'ombe ndi pa chimanga amakumbukira kuti mbewu imafa, koma zikafika m'nyumba mwawo amaiwala?

Luso limene lili mu kathanki ka mlangizi uja ndi lomwelo limene amagwiritsa ntchito pa anthu. Mu 1949 ku England, Christopher Polge, Audrey Smith ndi Alan Parkes anapeza kuti madzi ena otchedwa glycerol amateteza mbewu kuti isaphulike ikamaundana. Onani kuti pa atatuwo panali mayi. Mu 1953 ku Iowa ku America, Jerome Sherman ndi Raymond Bunge analengeza kuti amayi atenga pakati ndi umuna umene unaundana kenako n'kusungunulidwa. Papita zaka zoposa 70. Agogo athu ena anali asanavinidwe.

Zimachitika chonchi. Mwamuna amayamba wayezedwa magazi, HIV, matenda a chiwindi ndi chindoko. Amapereka umuna m'kabotolo koyera, m'chipinda cha yekha. A ku labu amauyang'ana pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, amawerenga kuchuluka kwa mbewu, ndi zingati zikuyenda, ndi zingati zili ndi maonekedwe abwino. Kenako amausakaniza ndi mankhwala oteteza aja, kuugawa m'timapaipi, kulembapo dzina, kuuziziritsa pang'onopang'ono, n'kuumiza mu nayitulojeni wamadzi. Mmenemo kuzizira kwake ndi madigiri 196 pansi pa ziro. Firiji ya m'nyumba imafika mwina 18 pansi pa ziro, ndiye musati mukayese kunyumba, chonde. Pa kuzizira kotero chilichonse m'kati mwa mbewu chimaima. Siikalamba, siiola. Ana abadwapo kuchokera ku umuna umene unakhala mu thanki zaka zoposa 20, ndipo ku UK kuyambira mu 2022 lamulo limalola kusunga mpaka zaka 55. Akausungunula, mbewu zambiri zimafa, nthawi zina theka lonse, koma zotsalazo zimagwira ntchito. Kuyambira 1992, pamene madokotala a ku Brussels anayamba kubaya mbewu imodzi yokha m'dzira la mayi, ngakhale mwamuna wa mbewu zochepa kwambiri ali ndi mwayi.

Chinthu chimodzi chimene ife a dziko la kuzimazima kwa magetsi tiyenera kuchimva: thankiyo siyendera magetsi. Imangofuna munthu wokhulupirika woithiramo nayitulojeni nthawi yake ikakwana. Munthuyo akagona, zonse zapita. Mu March 2018 mathanki anawonongeka m'zipatala ziwiri za ku America, ku Cleveland ndi ku San Francisco, ndipo mabanja ambiri anataya mazira amene anasungitsa. Ndiye si matsenga ayi, ndi ntchito ya anthu, ndipo imafuna chisamaliro.

Nanga ndani amasungitsa umuna? Ambiri ndi anyamata ndi abambo amene apezeka ndi khansa. Apa ndi pamene nkhaniyi imafika pakhomo pathu. Mankhwala a khansa amagwira ntchito popha maselo amene amachulukana mofulumira. N'chifukwa chake tsitsi limathothoka. Koma m'mavalo a mwamuna namo muli maselo ochulukana mofulumira usana ndi usiku, amene amapanga mbewu, ndipo mankhwalawo sasankha. Ena mwa mankhwalawa, monga cyclophosphamide, amadziwika bwino kuti amatha kuwononga mphamvu yobereka, makamaka akaperekedwa ambiri. Kuwotcha khansa ndi makina pafupi ndi malo amenewo nakonso kumawononga. Kwa ena mbewu imabwerera pakatha chaka, ziwiri kapena zisanu. Kwa ena siibwereranso. N'chifukwa chake m'maiko amene zinthu zili m'malo mwake, dokotala asanapereke dontho loyamba la mankhwala amakhala pansi ndi wodwalayo n'kumuuza kuti, mankhwala awa akupulumutsani, koma akhoza kukulandani mwayi wobereka, mukufuna tisunge mbewu yanu sabata ino? Zimatenga masiku ochepa chabe. Ngakhale kupereka kamodzi kokha kumathandiza.

Cyclophosphamide si dzina la kutali. Ndi amodzi mwa mankhwala amene akhala akupulumutsa ana odwala Burkitt lymphoma, khansa yotupitsa nsagwada kapena mimba ija, ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Khansa imeneyi ndi imodzi mwa zimene zimagwira ana kwambiri kuno ku Malawi, ndipo ambiri amachira. Tikuthokoza Mulungu ndi anamwino chifukwa cha zimenezo, ndipo pasapezeke munthu wotuluka muno n'kukauza mnansi kuti akane mankhwala a khansa. Moyo ndiye woyamba. Si onsenso amene analandira mankhwalawa amene adzalephere kubereka. Koma taganizani za mnyamata wa ku mapiri a Ntchisi amene anachira ali ndi zaka 15. Lero ali ndi zaka 27, ndi wamphamvu, amalima soya ndi fodya, wakwatira. Buku lake la kuchipatala linatayika kalekale, mwina linadyedwa ndi chiswe. Chaka chatha, chachiwiri chatha, mimba kulibe. Kodi pa bwalo la ankhoswe alipo amene adzakumbukire za madiripi aja a ku Central? Palibe. Maso onse adzakhala pa mtsikana amene anamutenga ku chitengwa, amene sakudziwa n'komwe kuti mwamuna wake anadwalapo chiyani.

Tinene zoona zake zonse. Mwana wamwamuna amene sanathe msinkhu alibe mbewu yoti n'kusunga, ndipo njira zomuthandizira zikadali zoyeserera ngakhale kunja. Ndipo m'zipatala zathu za m'maboma, pa Dowa, pa Ntchisi, pa Mponela, simukapezamo thanki yosungira umuna wa anthu. Amene ali ndi ndalama amakwera ndege kupita ku Johannesburg kapena ku Cape Town, kumene zoterezi zinakhazikika kalekale, moti mwana woyamba wa IVF ku South Africa anabadwa mu 1984 ndi thandizo la madokotala a chipatala cha Tygerberg. Kusungitsako n'kolipira chaka ndi chaka, ndipo kudzagwiritsa ntchito mbewuyo n'kodula kuposa pamenepo. Mlimi wa kwa Chakhaza kapena kwa Kalumo sangazione n'komwe. Ndiye tikuzikambiranji? Chifukwa kuti munthu afike pomanga thanki, anayamba wavomera chinthu chimodzi chimene kwathu kuno tikuchikanabe, choti mphamvu yobereka ya mwamuna imatha kuwonongeka monga chiwalo china chilichonse. Kuvomera kumeneko sikufuna forex. Ndipo pali zambiri zimene zingasinthe mawa lomwe titangovomera.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu April 2023 kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 aliwonse amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake, ndipo kusiyana pakati pa maiko olemera ndi osauka n'kochepa. Werengani anthu 6 pa benchi mwakhalapoyo. Madokotala amati pali vuto ngati banja latha miyezi 12 likugonana kawirikawiri popanda kulera koma mimba osabwera. Ndipo pa mabanja otero, pafupifupi theka, vuto limakhala kwa mwamuna yekha kapena kwa onse awiri. Theka, anzathu. Koma pa mzere wa kuchipatala, kwa asing'anga, ndi ku mapemphero a usiku, amene waima ndi mkazi. Dziko lathu limakamba kwambiri za kulera, ndipo n'zoyenera, poti kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi amabereka ana 4.4 tikagawa mofanana. Koma phokoso la kulera laphimba kulira kwa amene akufuna mwana mmodzi yekha.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti amaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Kwathu mwamuna wosabereka amatchedwa gojo, amati anagwa mu mpapaya, ndipo anthu amaganiza kuti ameneyo ndi amene sadzuka. Choncho bambo akamagwira ntchito yake bwinobwino m'nyumba, amadzigunda pachifuwa kuti ine ndilibe vuto. Koma umuna ndi madzi chabe onyamula mbewu, ndipo mbewuyo siioneka ndi maso. Mwamuna akhoza kutulutsa umuna wambiri, wooneka bwino, mulibe mbewu ngakhale imodzi. Zotere zimapezeka mwa mwamuna mmodzi pa 100 aliwonse. Gondolosi wa pamsika, kaya amapatsa chilakolako monga amanenera ogulitsa, sangatsegule njira imene inatsekeka. Ena amatinso, ine ndili ndi mwana kale kwa mkazi wina. Zikhoza kutheka. Koma mwanayo ali sitandade 6, ndipo pa zaka zonsezi thupi ladutsa mu zambiri.

Ladutsa mu chiyani? Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana akapanda kuchizidwa bwino amasiya zipsera zimene zimatseka timachubu todutsa mbewu. Matenda omwewo akafika kwa mkazi amatsekanso machubu ake, ndiye mumve bwino apa: nthawi zina ngakhale vuto lapezeka kwa mkazi, amene analibweretsa m'nyumba ndi yemwe akumuthamangitsayo. Matsagwidi akagwira mnyamata amene watha msinkhu amatha kutsikira kumavalo n'kuwatupitsa. Likodzo, limene ambiri tinakula tikuliona ngati chinthu wamba cha anyamata osamba m'madambo, limaikira mazira ake m'ziwalo zoberekera, ndipo ofufuza anapeza mazira a likodzo mu umuna wa asodzi ena ku Mangochi. Pali kutupa kwa mitsempha ya m'thumba la mavalo, kumene opaleshoni yaing'ono imatha kukonza. Kachasu wambiri, fodya ndi chamba zimachepetsa mbewu. Anyamata a m'tauni amene akubaya majakisoni okulitsa minofu ku jimu asamale, chifukwa thupi likalandira testosterone wochokera kunja limasiya kupanga mbewu. Mankhwala ena a m'munda nawo ali ndi mbiri yoipa. Mu 1977 ku California anapeza kuti amuna ogwira ntchito pa fakitale yopanga mankhwala ophera tizilombo ta m'nthaka otchedwa DBCP asiya kubereka, ndipo pambuyo pake zomwezo zinaoneka mwa anthu ambirimbiri ogwira ntchito m'minda ya nthochi ku Costa Rica ndi ku Nicaragua. Sitikunena kuti mankhwala alionse a pa nazale ya fodya amachita zimenezo. Tikunena kuti achimwene athu amene amapopera ali chifuwa pamtunda, osavala kanthu kumanja kapena kukamwa, akusewera ndi zinthu zimene sakuzidziwa.

Inu amayi a ana aamuna, pali ziwiri zimene zili m'manja mwanu. Posambitsa khanda, onani ngati mavalo onse awiri anatsika. Ngati limodzi silikuoneka pakatha miyezi 6, kanenani ku sikelo, chifukwa opaleshoni yake imafunika mwana akadali wamng'ono. Ndipo mnyamata akadzuka ndi ululu woopsa wadzidzidzi ku mavalo, musadikire kuti kuche, musayambe ndi kuthowa. Likhoza kukhala kuti lapotokola, ndipo madokotala amakhala ndi maola pafupifupi 6 okha kuti alipulumutse.

Tsopano tibwere ku zimene zimachitika m'midzi yathu mwana akachedwa. Mukuzidziwa kuposa ife. Miyezi ingapo ikangodutsa, apongozi amayamba kuyang'ana pamimba popereka moni. Anzako onse akuitanidwa kuti amake uje, iwe ukadali ndi dzina la pa ubatizo. Kenako manong'onong'o: anataya mimba zambiri ali kusukulu, anabaya Depo, atsikana a m'tauni ndi choncho. Tiyankhe la Depo pomwe pano. Jakisoni ameneyu amatha kuchedwetsa mimba kwa miyezi ingapo, nthawi zina kufika chaka munthu atasiya, koma satseka kubereka. Akakhala kuti mkaziyo ali ku chitengwa, kumudzi kwa mwamuna, alibe womuikira kumbuyo. Munda si wake, nyumba si yake, ndipo tsiku lina amangomva kuti kukubwera mnzake wodzamuthandiza. Akakhala pa chikamwini zimapepukako, poti ali pakati pa abale ake ndipo atsibweni ali pafupi, koma kumenekonso mbumba imafuna ana, ndipo amene amayenda naye kwa asing'anga ndi mkazi yemweyo.

Chodabwitsa n'chakuti makolo athu ankadziwa bwino lomwe kuti mwamuna amatha kukhala wosabereka. Umboni wake ndi fisi. Akuluakulu akaona kuti vuto lili kwa mwamuna, ankapangana mwachinsinsi ndi mwamuna wina kuti azilowa m'nyumbamo usiku mpaka mimba itaoneka, mwini nyumba atapita dala ku ulendo. Mwana akabadwa ndi wa mwini nyumba, nkhani yatha. Taonani mmene nzeru imeneyi inapangidwira. Ulemu wa mwamuna watetezedwa, dzina lake silinatchulidwe pabwalo. Amene wagona ndi munthu amene sanamusankhe ndi mkazi. Amene waika moyo wake pa chiswe cha HIV ndi mkazi. Ndipo chinsinsi chikadzaululika pa mowa, amene adzatchedwe hule ndi mkazi yemweyo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa miyambo yoika munthu pa chiopsezo chotere, ndipo lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 limatchula fisi pa mndandanda wa miyambo yoletsedwa. Kumenyedwa, kutukwanidwa kapena kumanidwa chakudya chifukwa chosabereka ndi nkhanza za m'banja pansi pa lamulo la 2006, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support yolandira madandaulo otere. Wina akakuuzani kuti muvomere fisi kuti banja lilimbe, dziwani kuti akukupemphani chinthu chimene lamulo linakana.

Sitinabwere kudzaseka amuna. Mwamuna amene akuopa kukayezetsa akuopa dzina lija la gojo, akuopa nyimbo za pa mowa, akuopa kuti ngakhale pa maliro sadzapatsidwa ulemu. Mantha amenewo ndi enieni, ndipo ifenso amayi timawadyetsera tikamaseka pa mjigo. Tisiye. Koma mantha a munthu mmodzi asalipiridwe ndi thupi la munthu wina.

Ndipo taonani kusiyana kwa mayeso ake. Kuti amuyeze mkazi, pamafunika magazi pa masiku osiyanasiyana a mwezi, sikani, nthawi zina kuthira mankhwala m'chiberekero n'kujambula kuti aone ngati machubu ali otseguka, zimene zimawawa ndipo zimadula. Kuti amuyeze mwamuna pamafunika kabotolo, makina oonera omwe aja amene amayezera malungo ndi TB, ndi munthu wophunzitsidwa. Mwamuna amangodziletsa masiku 2 mpaka 7, n'kupereka umuna, ndipo uyenera kufika ku labu pasanathe ola. Malinga ndi muyezo wa WHO wa 2021, amayembekezera mbewu zosachepera 16 miliyoni pa mililita imodzi, ndipo pafupifupi 42 pa 100 zikhale zoyenda. Zotsatira zikaipa sagamula tsiku lomwelo. Amabwereza pakatha miyezi itatu, chifukwa thupi limatenga masiku pafupifupi 74 kupanga mbewu yatsopano, ndipo ngakhale malungo otentha thupi kwambiri amatha kugwetsa chiwerengero kwa kanthawi. Mayeso amenewa amachitika m'zipatala zikuluzikulu ndi m'malabu ena a ku Lilongwe, ulendo wa maola ochepa kuchokera kuno. Ndiye nzeru ili pati, kuyamba ndi mayeso odula ndi owawa, kapena otchipa ndi osawawa? Mabanja agulitsa mbuzi, agulitsa matumba a soya, kulipira asing'anga ndi aneneri kwa zaka zisanu, pamene yankho linali mu kabotolo kamodzi.

Pali chenjezo limene ife monga amayi tiyenera kulinena tisanayambe kuombera m'manja luso limeneli. Umuna wosungidwa sumera mu thanki. Tsiku lina udzafuna thupi la mkazi. Zikakhala zophweka, amangouthira m'chiberekero pa masiku oyenera. Zikakhala za IVF, njira imene inabweretsa Louise Brown ku England mu 1978, mkazi ndi amene amabayidwa majakisoni tsiku ndi tsiku, kutulutsidwa mazira ndi singano, kenako kudikira, ndipo nthawi zambiri ulendo woyamba sizitheka. Vuto ndi la bambo, koma zowawa ndi za mayi. Choncho mayiyo ayenera kufunsidwa payekha, kuuzidwa zonse, ndipo akhale ndi ufulu wonena kuti ayi, kapena kuti ndatopa, tilekeze apa.

Nanga mwini mbewu akamwalira? Ku England kunali mlandu wotchuka wa mayi Diane Blood. Mwamuna wake anamwalira mu 1995, ndipo umuna wake unatengedwa ali chikomokere, asanalembe chilolezo. Mayiyo anafuna kubereka mwana wa malemuyo, akuluakulu anakana, mpaka mu 1997 khoti linatsegula njira yoti apite nawo ku Belgium, ndipo anabereka. Kumeneko mkazi ndi amene ankafuna. Tsopano tembenuzani nkhaniyo muiike kwathu kuno, kumene achibale amafika pa maliro maso ali pa malata ndi pa ngolo, ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaletsa kulanda. Mukuganiza kuti sangabwere kudzauza namfedwa kuti, mbewu ya m'bale wathu ilipo, utiberekere, apo ayi usamuke? Kapena kuitenga kukapatsa mkazi wina amene iwo amufuna? N'chifukwa chake tikufuna kuti malamulo a nkhaniyi alembedwe momveka bwino, chilolezo chikhale cholembedwa, ndipo polemba malamulowo amayi tikhale pa tebulo. Tikudziwanso kuti mipingo ina, monga wa Katolika, siivomereza IVF, ndipo ena mwa inu mumatsatira chiphunzitso chimenecho. Ndi ufulu wanu. Koma sitinamvepo mpingo umene umaphunzitsa kuti mkazi azitukwanidwa chifukwa cha matenda a mwamuna wake.

Mayi Gertrude Mutharika komanso mayi Monica Chakwera, aliyense pa nthawi yake, anakhalapo akazembe a kampeni ya Merck Foundation yotchedwa More Than a Mother, yolimbana ndi kusala amayi osabereka. Mawu anamveka pa wailesi. Ife tikufuna mawuwo atsike ku mahotela a ku Lilongwe afike pa bwalo la mfumu ndi m'chipinda cha dokotala. Ku unduna wa zaumoyo tikupempha kuti kuyeza umuna kuzichitika pa chipatala chilichonse cha boma, chifukwa makina alipo kale, chosowa ndi maphunziro ndi chipinda choti munthu akhalemo mwaulemu. Tikupempha kuti aliyense woyamba mankhwala a khansa, mwamuna kapena mkazi, ndi makolo a mwana aliyense, aziuzidwa m'Chichewa chomveka zimene mankhwalawo angachite pa kubereka, ndipo zilembedwe m'buku lake kuti azidzazipeza akakula. Ndipo poti dziko lamanga National Cancer Centre ku Lilongwe, tikufunsa kuti pa mapulani a malo amenewo thanki yosungira mbewu ili pati. Ngati tinakwanitsa kusungira nkhunzi, funso limeneli si lamwano.

Kwa mafumu, anankungwi ndi ankhoswe, pempho lathu silifuna bajeti. Nkhani ya kusowa mwana ikabwera pabwalo, musagamule kanthu, musalole mitala, musalole kusudzulana pa chifukwa chimenecho, onse awiri asanabwere ndi mapepala a kuchipatala.

Ndipo inu asisi amene simunakwatiwe, masiku ano tinazolowera kukayezetsa magazi tisanalowe m'banja, zimene amayi athu sankazilota. Pa ulendo womwewo mufunseni mnzanuyo, mofatsa, ngati anadwalapo matenda aakulu ali mwana, ngati anachitidwapo opaleshoni, ngati analandirapo mankhwala a khansa. Si kuti mumuthawe. Mukhoza kumukonda n'kumanga naye banja mukudziwa, ndipo mabanja opanda ana kapena olera ana a abale alipo ndipo ndi mabanja enieni. Koma mudziwe nonse awiri, kuti tsiku limene apongozi adzayambe kuyang'ana pamimba, iye adzakhale woyamba kuyankha.

Amene muli kale m'banja ndipo chaka chadutsa, kapena miyezi 6 ngati mwapitirira zaka 35, pitani kuchipatala awiri. Adokotala akayamba kulemba mayeso a inu nokha, funsani mwaulemu kuti, nanga abambowa muwayeza liti? Bambo akakana kupita, musamwe mankhwala ena alionse, a chikuda kapena a chizungu, ongoganizira. Uzani ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti inu mwakonzeka kuyezedwa tsiku lomwe iwo adzayezedwe, ndipo mutchule tsikulo.

Tiima kaye apa kuti timwe madzi. Tikabwerera tigawana m'magulu, a ku Dowa mbali iyi, a ku Ntchisi mbali iyo, ndipo gulu lililonse lilembe mafumu ndi makomiti a zaumoyo amene lingakawaone mwezi uno. Amene muli ndi funso loti simungalifunse pagulu, lembani pa kapepala osaika dzina, muponye mu basiketi ili pakhomoyo. Anamwino amene tabwera nawo ayankha onse tisanabalalike.